Jekete ya pa Kaunjika

Jekete iyi ndinaigula pa kaunjika ku Ndirande,
titanenerera mtengo mpaka wogulitsa anapsa mtima.
M'thumba mwake munali tikiti ya basi yopindika,
zilembo zitafufutika ngati dzina la pa manda akale.
Lero ndaivala pa siteji ya basi kuno ku Cork
ndipo ndikuona kuti iyo yafika kwawo.
Mlendo ndine ndekha.

Mvula ya kuno ndi chiperoni chosadziwa kutsanzika.
Siimba pa malata, siutsa fungo la dothi,
imangokunyowetsa mwaulemu
monga eni dziko, amene amati pepani
ngakhale wawaponda ndiwe.
Basi imabwera ili duu, yopanda woitanira.
Mwezi woyamba ndinkaima ngati chitsa,
kudikira wina akuwe dzina la kumene ndikupita.

Usiku ndimagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba.
M'chipinda cha nambala leveni muli bambo Cormac
amene ankawotcherera zitsulo ku doko.
Dzina langa ndine Ndaziona.
Iwo amati Nuala,
mlongo wawo amene anakwera sitima ya pamadzi
ali ndi zaka ngati zanga, osabweranso.
Poyamba ndinkawakonza.
Masiku ano ndimangovomera.
"Nuala, wafika liti?"
"Lero lomwe, achimwene."

Zokumbukira zawo zikuthothoka ngati tsitsi pa pilo.
Zanga zikuswana, ndikusowa poziika.
Ndili mkati mowapukuta msana
ndimangomva ana a mu laini yathu
akukuwa mumdima, "Ayakaaa!"
Kuno magetsi sazima,
ndiye palibe amene amawaombera m'manja.

Maliro a malume ndinawalira pa foni
m'chipinda chochapira, makina akuzunguza zofunda.
Netiweki inaduka bokosi lisanatsike.
Kwa ine mpaka lero ali lende pa zingwe,
pakati pa nyimbo ya amayi a mvano ndi dothi.
Belu la chipinda cha nambala foro linalira.
Ndinasamba kumaso, ndinapita.

Amayi ndimawatumizira zithunzi za Lamulungu zokha:
ine pa mlatho, kumbuyo kwanga atsekwe oyera.
Iwo amayankha ndi mawu ojambula,
tambala wa aneba akulowerera:
"Mbalamezo sazidya?
Wanenepa. Kapena ndi jekete?
Fizi ya Lonjezo akuifuna Lachisanu."
Ndimamvetsera katatu,
kachitatu ndimamvera tambalayo.

Koma dzulo ndinachita mantha.
Ndinafuna dzina la mtengo uja wa pampopi,
umene tinkatsamira podikira madzi,
ndipo silinabwere.
Ndinaona makungwa ake, ndowa zili pa mzere,
chipsera cha pa bondo la Tadala,
dzina lokha ayi.
Ndinakhala pa bedi la bambo Cormac,
anthu awiri oiwala,
wina chifukwa cha zaka, wina chifukwa cha mtunda.

M'bandakucha anandigwira dzanja,
zala zawo zozizira ngati makiyi.
"Kumeneko akukusunga bwino?"
Sindinadziwe ngati akufunsa Nuala kapena ine.
Ndinati, "Kukuzizira, koma ndikuzolowera."
Anagwedeza mutu. Yankho linatikwana tonse awiri.

Seveni koloko, kunja kudakali mdima.
Ndavala jekete, ndakwera basi yopanda phokoso,
woyendetsa wandipatsa moni ngati amandidziwa,
mwina wayamba kundidziwadi.
Tikiti ya lero sinditaya.
Ndaipinda kawiri, ndaiika m'thumba lomwe lija.
Tsiku lina jekete iyi idzalowanso m'belo,
idzagwa pa mulu, pa fumbi, dzuwa likuswa mtengo,
ndipo mtsikana wina adzapisa dzanja,
adzayesa kuwerenga.

Mbawa.
Unali mbawa.
Ndatchula mokweza, mayi wa pambali panga watembenuka,
ndipo ndine ndayamba kunena kuti pepani.